Zithunzi Zopanda Banga

Ntchito yanga ndi yojambula anthu zithunzi, koma chimene chimandidyetsa kwenikweni ndi kufufuta. Masiku ano aliyense akujambula ndi foni. Amene amakwerabe masitepe a situdiyo yanga, pamwamba pa sitolo ya nsapato, amabwera chifukwa akudziwa kuti atuluka ndi nkhope yopanda chiphuphu, yopanda chipsera, yopanda thukuta. Ndinaphunzira ntchitoyi ku koleji kalekale, nthawi imene tinkafufuta pa filimu penipeni ndi pensulo yosongoka ngati singano, titaweramira galasi lowala. Pano ndimagwiritsa ntchito kompyuta, koma dzanja ndi lomwe lija.

Ndili ndi lamulo limodzi: chithunzi chosakonza sindisunga. Ndikamaliza kusalaza, choyambacho ndimachichotseratu. Mkwatibwi wina anandizazira koopsa atapeza anzake akuseka nkhope yake yeniyeni pa kompyuta yanga, ndipo kuyambira pamenepo ndinati munthu azituluka muno ndi nkhope imodzi basi.

Mkazi wanga anamwalira mdzukulu wathu asanabadwe, choncho dzina lamasewera ndinamupatsa ndine. Ndinamutcha Sajeni, chifukwa akafuna bere sankapempha, ankalamula, nyumba yonse n'kuimirira. Mayi ake ndi mwana mmodzi yekhayo amene ndili naye, ndipo amagwira ntchito yolandira alendo pa hotela. Anakulira mu situdiyo muno ndipo anatengera maso anga: akaona munthu amayamba waona pofunika kukonza. Mwezi uliwonse ankabwera naye Sajeni kuti ndimujambule, chithunzicho chipite kwa apongozi ake, asewere anga, amene amakhala kutali ndipo amayenda nacho khomo ndi khomo.

Tsiku lina, mwana atangoyamba kukhala yekha pansi, mayi ake anamuvula malaya n'kumukhazika pa bulangeti loyera.

“Sajeni, tayang'anani kuno bwana,” ndinatero ndikugwedeza makiyi. “Mwandilanda mwana wanga, mwandilanda mpando wanga, kumwetulira kokha mundimane?”

“Akuti wojambulayu wakalamba, akufuna wina,” anatero mayi ake.

“Muuze kuti winayo akamutulutsa ndi mamina omwewo.”

Anaseka, akupukuta mphuno ya mwana. Kenako anatsitsa mawu. “Ababa, masayawo muwasalaze bwino. Ndi m'khosimo. Mukuwadziwa amayi aja, akangoona kachidzolo ayamba zoti sindimusambitsa mwana.”

Chikanga chinamugwira Sajeni ali wakhanda. Masaya anali okhakhala, ndipo m'zigongono ndi kuseri kwa mawondo khungu linkang'aluka, nthawi zina n'kumatuluka timadzi. Ku kiliniki ankati ana ambiri amatero, sinthani sopo, chidzatha chokha. Tinasintha sopo, tinasintha mafuta, zovala zake tinkachapa padera. Sichinathe.

Atapita ndinakulitsa chithunzicho pa kompyuta kuti ndiyambe ntchito. Pa khungu lakuda zinthu zina maso sagwira msanga, koma kamera imagwira. Pamimba ndi m'kati mwa ntchafu munali timadontho tosiyana ndi chikangacho. Tinali tating'ono ngati pobaya singano, tofiirira mwakuda, tosatupa, tomwazika ngati munthu wawaza inki ndi mswachi. Pansi pa nkhwapa panali banga lakuda, kukula kwake ngati chala chachikulu, pamalo penipeni pomwe munthu amagwira ponyamula mwana.

Timadontho timeneti ndinali nditationapo. Mwana wathu woyamba anali wamwamuna. Anali ndi chikanga chomwechi, timadontho tomweti, makutu otuluka mafinya, ndipo anamwalira asanayambe kulankhula, magazi akutuluka m'mphuno osasiya. Madokotala a nthawi imeneyo anati chinali chibayo. Pa maliro ake apongozi anga aakazi ananena kuti nawonso anataya kamnyamata kotere, ka khungu lovuta, mlongo wake wa mkazi wanga. Ndinkaganiza kuti akungondipepesa.

Mawa lake mwana wanga anabwera kudzatenga chithunzi.

“Mayi,” ndinatero. Ndimamutcha choncho nkhani ikakhala yolemera, ndipo amadziwa. “Timadontho ta pamimba pa Sajeni watiwona?”

“Ndi kutentha chabe.”

“Mlongo wako anali nato.”

Anasiya kufufuza m'chikwama mwake n'kundiyang'ana. Mlongo wakeyo sanamuone, anabadwa iye atapita kale, ndipo kunyumba kwathu sitinkamutchula kawirikawiri.

“Ababa, musandilodzere mwana ndi pakamwa.”

“Sindikulodza. Ndikunena zimene ndaona.”

“Ndiye mwafufuta?”

“Ndafufuta.”

“Basi, zikomo.”

Miyezi yotsatira inali ya kiliniki. Khutu likapola, chifuwa chinkayamba. Chifuwa chikatha, m'kamwa munkatuluka zoyera. Tsiku lina pa thewera panaoneka timizere ta magazi. Anamuyeza matenda aja amene aliyense amayamba kuwaganizira mwana akamadwaladwala, anayezanso makolo ake, sanapeze kanthu. Zithunzi zinkapitabe kwa asewere mwezi ndi mwezi. Poyamba kusalaza kunkanditengera kanthawi kochepa. Pambuyo pake ndinkataya masana onse, ndikubwereka khungu labwino la paphewa n'kumaliika pa tsaya.

Amene anandimvera anali mkamwini wanga. Iye amayendetsa galimoto yogawa buledi m'masitolo, ndipo ndi munthu wa nthabwala, woti akalowa mu situdiyo amayamba wavala chipewa cha omaliza maphunziro chimene ndimabwereketsa makasitomala. Tsiku lina anabwera, koma chipewacho sanachikhudze. Anaima pakhomo, makiyi a galimoto ali m'manja.

“Bambo, ndamva kuti munanenapo za mlamu wanga amene sindinamuone.”

Ndinamuuza zonse. Sanandidule mawu. Nditamaliza anati ku chipatala chachikulu kumabwera dokotala wa khungu mwa apo ndi apo, ndipo akayesetsa kupeza malo ngakhale mkazi wake akwiye. Anakwiyadi, koma malo anapezeka.

Tsiku litayandikira, mwana wanga anachita zimene ine ndikanachita ndikanakhala iye. Sankafuna kuti dokotala wamkulu aone mwana wooneka ngati wosasamalidwa. Mnzake wogulitsa mankhwala ku famase anamupatsa kachubu ka mafuta amphamvu, ndipo anamudzoza mwana m'mawa ndi madzulo. Masaya anasalala. Kuseri kwa mawondo kunauma n'kutsekeka. Timadontho tija timabwera n'kumapita tokha, ndipo sabata imeneyo tinali titazilala. Pa tsikulo anamuveka kasuti koyera katsopano. Nditamuona pa benchi ya chipatala ndinasangalala, ndinati mwana wachira. Sindinaganize patali kuposa pamenepo.

Dokotala anali mayi wachikulire pang'ono, wa magalasi omangirira chingwe, wa mawu otopa koma aulemu.

“Wodwala ndi uti pano?” anafunsa. “Uyu ndikumuona ngati wabwera kudzafunsira ntchito.”

Anamuvula kasuti kaja n'kumugoneka pa bedi. Anayang'ana m'kamwa, m'makutu, m'zikhatho, pansi pa mapazi. Anadina khungu la pamimba ndi kagalasi. Sajeni anamulamula kuti asiye, koma dokotala sanamvere.

“Mwamudzoza chiyani, mayi?”

Mwana wanga anatulutsa kachubu kaja. Dokotala anawerenga, n'kukaika pa tebulo pang'onopang'ono.

“Awa amabisa, sachiza. Mwasesa pabwalo wolondola mapazi asanafike.”

Pamenepo ndinapempha kulankhula. Ndinafotokoza za mwana wanga wamwamuna ndi za mlongo wake wa mkazi wanga. Dokotala anasiya kulemba.

“Onse aamuna?”

“Onse.”

“Onse kuchikazi?”

“Eya.”

“Agogo, pali zithunzi za mwanayu khungu litavuta? Ngakhale chimodzi.”

“Zilipo zambiri,” anatero mwana wanga, nkhope itamasuka. “Agogo akewa ndi wojambula.” Anapereka foni yake. Dokotala anayamba kusuntha zithunzi ndi chala. Sajeni pa bulangeti loyera, Sajeni atagwira mpira, Sajeni wopanda malaya akuseka, khungu lonse losalala ngati la chidole cha m'sitolo.

“Uyu ndi mwana yemweyu?”

“Ndi yemweyu,” ndinatero. “Ndinazikonza.”

“Zosakonza zili kuti?”

“Sindisunga.”

Anatembenukira kwa mkamwini wanga. Iye anatulutsa foni yake, koma m'menemo mwana anali wovala malaya a manja aatali ndi chipewa, ndipo zina zimene zinkaonetsa masaya mkazi wake anali atazichotsa kalekale. Ine ndinali nditabwera ndi envulopu. Munali chithunzi chimodzi chokha cha mwana wanga wamwamuna, chakuda ndi choyera, chimene ndinamujambula atatsala pang'ono kugonekedwa m'chipatala. Mkazi wanga anandipempha kuti ndichikonze kuti tizimukumbukira ali bwino, ndipo ndinachikonza ndi pensulo ija. Inali ntchito yabwino kwambiri. Dokotala anachiyandikitsa pa windo, anachiyang'anitsitsa, n'kundibwezera ndi manja awiri.

“Ine ndikukukhulupirirani, agogo,” anatero. “Pali matenda amene ndikuwaganizira, koma kuno sitingawayeze. Magazi ake amapita kunja, ndipo malo ndi ochepa. Amene amasankha ana oti ayezedwe sakhala muno, samva nkhani. Amafuna kuona.”

Anamutenga magazi oyeza pompo. Zotsatira zinaonetsa kuti tizigawo tothandiza magazi kuundana tinali tochepa, koma dokotala anati zimenezo zimachitika ndi matenda ambiri, ndipo pazokha sizikanakwanira. Anayesabe kutumiza dzina la mwana. Linabwezedwa. Magazi a ana ena ananyamuka sabata yomweyo, ndipo ulendo wina unali wa miyezi ingapo kutsogolo.

“Mafutawo musiye,” anatiuza tisanatuluke. “Ndikudziwa kuti ndikupempha chinthu chankhanza. Khungu likabwerera, mujambule mmene lilili, munditumizire, kenako ndikupatsani oyenera. Agogo, osakonza ngakhale kadontho.”

Tinanyamuka kubwerera kunyumba. Mwana wanga anakhala kumbuyo kwa galimoto ya buledi ija, Sajeni ali pamiyendo, kasuti koyera katada kale ndi bisiketi.

Khungu silinachedwe. Linabwerera mwaukali kuposa kale, ngati likubwezera. Mwana ankadzikanda mpaka magazi, moti anamuveka masokosi m'manja, iye n'kumakhuza nkhope pa matiresi. Ankalira mosalamula tsopano, kulira kwa munthu wopempha. Mayi ake anapempha tchuthi ku hotela. Kachubu kaja anakapereka kwa ine kuti ndikasunge, chifukwa anati kakakhala m'nyumba sapirira. Tsiku lina anandiimbira foni masana.

“Ababa, ndibweretsereni mafuta aja.”

“Dikira pang'ono, mayi. Timadontho tatuluka?”

“Ayi. Koma mukumumva?”

Ndinkamumva. Ndinati adikire.

Timadontho titatuluka anabwera naye ku situdiyo onse awiri. Moyo wanga wonse ndakhala ndikuika nyali kutsogolo kwa munthu, pamwamba pang'ono, ndi ambulera yoyera yofewetsa kuwala, chifukwa kuwala kotero kumakwirira mabala. Tsiku limenelo ndinachotsa ambulera. Ndinatsitsa nyali n'kuiika pambali, kuti kuwala kudutse mopingasa pa khungu, kakhwinya kalikonse kakhale ndi mthunzi wake. Bulangeti loyera ndinalisiya, ndinayala nsalu yotuwa. Mkamwini wanga anagwira rula pafupi ndi banga lililonse kuti kukula kwake kuoneke. Mwana wanga anagwira miyendo ya mwana, nkhope atayang'ana kukhoma.

“Mutembenuzeni,” ndinkatero. “Kwezani mkono. Tsegulani chikhatho.”

Makiyi sindinagwedeze. Sajeni ankandiyang'ana kudzera m'misozi, akudabwa kuti mnzake wa masewera walowa gulu liti. Ndinajambula masaya, zigongono, kuseri kwa mawondo, mimba, m'kati mwa mlomo momwe munali timadontho tina. Pamene ndinamaliza, pa mwendo pomwe mayi ake anagwira panali patayamba kuda. Ndinajambulanso pamenepo.

“Ndione,” anatero mkamwini wanga.

Ndinamuonetsa pa kompyuta. Anayang'ana zitatu zokha n'kutuluka kukaima pa masitepe. Mkazi wake sanapemphe kuona.

Zithunzizo zinagwira ntchito. Dzina la mwana linalandiridwa, magazi anatengedwa, ndipo tinayamba kudikira. Tikudikira choncho chibayo chinamugwira. Anagona m'chipatala nthawi yaitali, ali ndi kapaipi m'mphuno, ndipo atatuluka kupuma kwake kunali ndi kaphokoso kamene sikanachokenso. Anaonda. Mawu aja olamula anachepa.

Zotsatira zitabwera dokotala anatiitana tonse atatu. Nthabwala panalibe. Anatchula dzina la matendawo, dzina lalitali lachilendo, n'kulilemba pa kapepala. Kenako anafotokoza m'mawu athu.

“Ndi matenda akumtundu, ndipo ndi osowa kwambiri. Amayenda mwa akazi osawadwalitsa, n'kugwira ena mwa ana awo aamuna. Thupi limalephera kudziteteza, magazi saundana msanga, ndipo khungu ndi limene limayamba kuulula. Palibe amene analakwa. Si sopo, si kusasamba, si chakudya.”

“Mankhwala ake?” anafunsa mkamwini wanga.

“Oteteza alipo, tiyamba lero. Ochiza ndi amodzi: kumuika mafuta a m'mafupa a munthu wina wogwirizana naye. Kuno sitichita. Kumene amachita mzere ndi wautali, ndipo amafuna mwana wa mapapo olimba. Ndawatumizira zithunzi za m'chifuwa mwake. Akuti ayambe walimba.”

“Alimba?”

“Tiyesetsa.”

Mwana wanga ankasisita mutu wa Sajeni nthawi yonseyi. Kenako anafunsa osakweza maso.

“Adokotala, tsiku loyamba lija, mukanaona khungu lake lenileni?”

Dokotala anavula magalasi. “Akanalowa ulendo woyamba uja, ndipo oteteza akanayamba chibayo chisanafike. Kupitirira pamenepo sindidziwa, ndipo sindikufuna kukunamizani mbali iliyonse.”

Anatipatsa malangizo. Mwana asapite pagulu, asayandikire wa chimfine, akatentha thupi tithamange naye osadikira. Chachikulu, asagwe. Kugunda mutu kumene mwana wina amalira pang'ono n'kuiwala, kwa iye kukhoza kutulutsa magazi m'kati mwa mutu.

Tili pa khonde la chipatala mkamwini wanga anati, “Amayi kwathu sitiwauza zoti ndi zakuchikazi.”

“Auzeni,” anatero mkazi wake. “Apeze chonena chenicheni.”

“Iwe, usatero.”

“Nanga nditani? Ndinabwera nazo ndine. Amayi anandisiyira mapoto, ndolo ndi izi.”

Ndinafuna kunena kanthu kotchinjiriza mkazi wanga, amene anapita osadziwa chimene ananyamula. M'malo mwake ndinanyamula chikwama cha matewera n'kutsogola.

Loweruka lotsatira ndinapita kwawo kukathandiza kukonza nyumba. Ndi nyumba ya zipinda ziwiri, pansi pa simenti. Mkamwini wanga anang'amba matiresi akale n'kudula siponji m'zidutswa. Tinakulunga miyendo ya tebulo, ngodya za kabati, m'mphepete mwa bedi, n'kumanga ndi tepi. Tebulo lagalasi la pabalaza tinalitulutsa. Pansi tinayala mabulangeti onse a m'nyumbamo, ena obwereka kwa ine. Pomaliza chipindacho chinkaoneka ngati katundu woti atumizidwe kutali.

“Tsopano ngakhale ine ndikhoza kubwera nditaledzera,” anatero mkamwini wanga, amene samwa mowa. Palibe anaseka, ndipo iye anapitiriza kudula tepi ndi mano.

Sajeni anali pakati pa mabulangeti, masaya akuwala ndi mafuta amene dokotala anapereka, masokosi ali m'manja. Chifukwa cha kudwala anali atachedwa pa zambiri, ndipo anzake obadwa naye limodzi anali akuthamanga kale. Ankatiyang'ana tikugwira ntchito. Kenako anakwawa mpaka pa sofa, anakoka sokosi limodzi ndi mano, n'kugwira nsalu ya sofayo ndi dzanja lamaliseche. Anakoka. Bondo limodzi linadzuka, kenako linalo. Anaimirira, miyendo ikunjenjemera, kwa nthawi yoyamba m'moyo wake, ndipo anatembenuza mutu kuti aone ngati taona. Anasiya sofa ndi dzanja limodzi.

Tonse atatu tinamulumphira. Mayi ake anafika poyamba, anamugwira m'chiuno n'kumukhazika pansi. Mwana anadabwa, kenako analira mokwiya, akulimbana kuti abwerere pa sofa.

“Musiyeni ayese,” anatero bambo ake, koma manja ake anali atazungulira kale mutu wa mwana.

“Mawa,” anatero mayi ake. “Ayesa mawa.”

Anamukhazika pamiyendo n'kumufungatira. Sajeni anapitiriza kukankha ndi mapazi pa bulangeti, akufuna kudzuka. Ine ndinatola sokosi lija n'kumuvekanso.